Pemphero la Olemba Malangizo

Inu Chauta, Namalenga, Mphambe wa kumwambamwamba, Gwero la nzeru zonse ndi Mwini luso lonse. Inu amene munayala thambo popanda wokulangizani, amene munaikira nyanja malire ake, amene munagawira dzinja, masika ndi chilimwe nyengo zake. Inu Atate wa Ambuye wathu Yesu Khristu, Wachifundo, Woleza mtima, Wosatopa ndi mapemphero a ana anu: tagwada pamaso panu ife antchito anu amene chakudya chathu chimachokera m'kulemba. Mayina athu saoneka pachikuto cha buku, ndipo zolemba zathu palibe amaziwerenga pofuna kusangalala. Ndife olemba malangizo. Ndife timalemba timapepala topindapinda ta m'mabokosi a mankhwala, mabuku a kagwiritsidwe ntchito ka makina, zikalata za alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, mawu a pabotolo la mankhwala opopera, ndondomeko za m'maofesi, ndi timizere tija timatuluka pafoni munthu akamatumiza ndalama. Landirani ulemu ndi matamando athu, pakuti ngakhale ntchito yobisika chotere Inu mumaiona.

Tikukutamandani chifukwa Inu simulankhula mozungulira pamene moyo wa munthu uli pachiswe. Pofuna kupulumutsa Nowa ndi banja lake, simunangomuuza kuti akhome chombo chachikulu. Munamutchulira mtengo wake, munamupatsa miyeso yake, mikono 300 m'litali, mikono 50 m'lifupi, mikono 30 kupita m'mwamba. Munamuuza pokhala khomo, munamuuza kuti chikhale chosanja katatu, ndi kuti achimate phula mkati ndi kunja komwe. Mose munamuonetsa paphiri maonekedwe a chihema, osasiya kanthu, kuyambira nsalu ndi mizati mpaka ngowe ndi zikhomo, kotero kuti Bezaleli ndi Oholiabu sanagwire ntchito mongoganizira. Mneneri Habakuku munamulamula kuti masomphenya awalembe mooneka bwino kuti awerengeke msanga. Mtumiki wanu Luka munamupatsa mtima wofufuza zonse kuchokera pachiyambi ndi kuzilemba mwadongosolo, kuti Teofilo asatsale ndi chikayiko. Mwa izi mwationetsa kuti kulankhula momveka ndi mbali ya chikondi chanu, ndipo tikukuthokozani kuti mwatiitana kutengako kachigawo ka ntchito imeneyi.

Sitinabwere tokha, Ambuye. Kumbuyo kwathu kwaima khamu la anthu amene nkhope zawo sitizidziwa, amene amaika moyo ndi chuma chawo pa mawu athu. Muli mayi amene mwana wake watsegula m'mimba pakati pa usiku, wagwira paketi ya Thanzi kudzanja limodzi ndi tochi ya foni kudzanja linalo. Muli mlimi amene wagula feteleza ndi ndalama za ngongole ndipo alibe ya thumba lachiwiri akalakwitsa. Muli akomiti ya mjigo amene azungulira pampu ya Afridev ndi sipanala, amayi a mudzi wonse akudikira ndi ndowa zawo. Muli agogo amene akulowetsa manambala 20 a mayunitsi mumita ya magetsi maso akuwavuta, ndi namwino wa usiku amene watsala yekha pawodi. Onsewa akamawerenga, ife sitikhalapo. Sangatikoke malaya n'kutifunsa kuti apa munkatanthauzanji. Chimene tinalemba ndicho ali nacho basi. Inu nokha ndinu mumakhala nawo pa ola limenelo, ndipo n'chifukwa chake tikukudandaulirani kuti mukhalenso nafe pa ola limene tikuwalembera.

Tachimwa, Atate, ndipo sitibisa. Talemba kuti atitame anzathu ophunzira, tikuiwala iye amene sukulu anailekeza panjira. Taunjika mawu olemera achilendo pamene mawu a kwathu analipo, kuti tioneke odziwa. Talemba za makina amene sitinawakhudzepo ndi dzanja, tikungokopera zimene analemba wina pamodzi ndi zolakwa zake zomwe. Pamene sitinamvetse tinachita manyazi kufunsa, n'kubisa umbuli wathu m'chiganizo chachitali chimene ngakhale ife eni ake sitingachilongosole. Tadumpha zinthu zofunika chifukwa kwa ife zinali zodziwikiratu. Talemba kuti “n'kosavuta” ndi kuti “ingodinani apa,” ndipo wolepherayo anadziona ngati chitsiru pamene wolakwa tinali ife. Chenjezo taliika kumapeto kwa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono, munthu n'kuliona atapsa kale. Nthawi zina mtima wathu unali pa kuteteza kampani ku milandu kuposa kuteteza munthu ku ngozi. Mutikhululukire, Ambuye, mutisambitse. Ndipo kulikonse kumene kusasamala kwathu kunawotcha mbewu, kunawononga chipangizo, kapena kunadwalitsa mwana ife osadziwa, Inu amene mukudziwa chiritsani, bwezeretsani, tichitireni chifundo.

Tsopano tikupemphani, Mwini chisomo, kuti tisanalembe liwu loyamba muzitionetsa wowerenga wathu. Mutikumbutse kudzifunsa kuti iye ndani, ali kuti, m'manja mwake muli chiyani, akudziwa kale chiyani, ndipo akufuna kuchita chiyani kuti tsiku lake lipitirire. Mutiletse kumufotokozera mbiri yonse ya chipangizo pamene iye akungofuna kuchiyatsa. Chimene akuchifuna msanga mutithandize kuchiika patsogolo, ndipo mitu ya nkhani tiziilemba ndi mawu amene iye angawasake ndi chala ali m'mavuto: “Mjigo ukaleka kutulutsa madzi,” “Mwana akasanza mankhwala,” “Ndalama zikapita kwa munthu wolakwika.”

Mutinyamule pampando, Ambuye, mutitulutse muofesi. Mutipatse miyendo yopita kugalaja, kuwodi, kumunda ndi kudimba, kumene ntchitoyo imachitikira. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Mutipatse kudzichepetsa kofunsa funso looneka lopusa, kulibwereza kachiwiri ndi kachitatu mpaka timvetse. Mufewetse mitima ya mainjiniya, madokotala ndi akatswiri a makompyuta amene amatanganidwa, kuti atipatseko mphindi zawo mosanyinyirika. Nafenso mutiphunzitse kupita kwa iwo titakonzeka, mafunso titalemberatu, ndi kuwawerengera zimene tamva kuti atikonze pomwepo tisanachoke. Mutitsegule makutu kuti timverenso mmisiri amene alibe pepala la sukulu koma akudziwa bawuti imene imakana kumasuka, ndi mayi amene wakhala akusamala mjigo wa m'mudzi mwake zaka zambiri, pakuti zimene akudziwa iwowa sizipezeka m'buku la kufakitale.

Monga mayi sapakula ndiwo asanalawe, nafenso tisatulutse malangizo tisanawayese. Mutipatse khama lowatsatira tokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, tikuchita zokhazo zimene zalembedwa, osawonjezera za m'mutu mwathu. Kenako mutipatse kulimba mtima kopereka pepalalo kwa munthu amene sanalionepo, ife n'kuima pambali manja ali kumbuyo. Mutigwire pakamwa kuti tisamuthandize akakakamira. Mutitsegule maso kuti tione pamene waima, pamene wabwerera, pamene watembenuza pepala kufuna chimene palibe. Ndipo mutipatse mtima wovomereza kuti pamenepo lalephera ndi pepala lathu, kuti tibwerere kukakonza m'malo momuimba mlandu wowerengayo.

Mutiphunzitse kumanga chiganizo, Inu Mmisiri wamkulu. Chiganizo chimodzi chizisenza ntchito imodzi. Tikukuthokozani chifukwa cha nzeru imene munapatsa olemba mabuku a okonza ndege ku Ulaya, amene mu 1986 anatulutsa malamulo a Chingerezi chophweka, akuti liwu limodzi lizikhala ndi tanthauzo limodzi, ndi kuti chiganizo cholamula ntchito chisapitirire mawu 20, poganizira makanika amene Chingerezi si chinenero chake. Mtima womwewo muuike mwa ife m'chinenero chilichonse chimene tikulembamo. Mutithandize kulankhula ndi wowerenga maso ndi maso, kumuuza kuti “tsekani mpope” m'malo mwa “mpope utsekedwe,” kuti asadabwe kuti wotseka ndani. Chinthu tikachitcha dzina patsamba loyamba, dzina lomwelo lifike nalo patsamba lomaliza. Tisati “chivindikiro” apa, “chotsekera” apo, munthu n'kumasaka zinthu ziwiri pamene chilipo n'chimodzi. Mutipatse kusiyanitsa chimene munthu ayenera kuchita ndi chimene angachite atafuna. Ntchito tizizindandalika m'ndondomeko imene manja adzazichitire, iliyonse ndi nambala yake, ndipo tizinena chimene munthu adzaone akachita bwino, kaya ndi nyali yobiriwira kaya ndi uthenga wa pafoni, kuti adziwe kuti ali panjira. Koposa zonse, chenjezo lizitsogola. Tisanamuuze kuti amasule ndodo za mjigo, tikhale titamuuza kale kuti azigwire zisagwere pansi. Tisanamuuze kuti atsegule bokosi la magetsi, tikhale titamuuza kale kuti azimitse.

Pa manambala ndi miyeso, Ambuye, tikupemphani chisomo chowirikiza, pakuti apa ndi pamene kadontho kamodzi kamatha kutenga moyo. Tikukumbukira ndege ya Air Canada ija, Boeing 767, imene pa 23 Julayi 1983 inatha mafuta ili m'mwamba chifukwa owerengera anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, n'kunyamuka ndi mafuta osafika theka la amene ankafunika. Mwa chifundo chanu inatera ku Gimli popanda wotaya moyo. Tikukumbukiranso chombo cha Mars Climate Orbiter chimene chinatayika mu 1999 chifukwa gulu lina linkawerengera m'miyeso ya mapaundi pamene linzake linkayembekezera miyeso ya metiriki. Ngati akatswiri otere anapunthwa pa muyeso, ife ndife yani? Musalole kuti tilembe nambala yopanda muyeso wake pambali. Pa mankhwala mutikumbutse kulemba 0.5 osati .5, kuti kadontho kakafufutika theka lisasanduke zisanu. Kulemba 1 osati 1.0, kuti chimodzi chisasanduke khumi. Ndi kulemba liwu lonse lakuti mayunitsi, popeza chilembo U cholembedwa mothamanga chimaoneka ngati 0. Tikamalemba tsiku, mwezi tiziutchula ndi dzina, pakuti 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo pamene kwa wa ku America ndi 4 Malichi. Mutiletse kulemba kuti “pang'ono,” “okwanira” kapena “kwa kanthawi” pamene muyeso weniweni ulipo. Mlimi wa chimanga timuuze kuti masentimita 75 pakati pa mizere, masentimita 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi paphando. Ndipo podziwa kuti kumunda kulibe tepi, mutipatse nzeru yomuuza kuti adule kamtengo ka muyeso umenewo kuti aziyenda nako. Tikati supuni tinene kuti ndi ya tiyi kapena yodyera. Nambala iliyonse tiziibwereranso kumene tinaitenga, kawiri, ndipo wina aionenso pambuyo pathu.

Mutipatse kunena chinthu chonse, osati theka lake. Tikalemba kuti paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo, tiwonjezere chifukwa chake, kuti madzi akachepa mcherewo umakula mphamvu n'kumupweteka mwana yemwe tikufuna kumupulumutsa, ndi kuti otsala atayidwe pakatha maola 24. Tikalemba za mankhwala a malungo a LA, tinene momveka kuti amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, kuti ulendo wachiwiri ndi patatha maola 8, kuti amwedwe ndi chakudya, ndi kuti wodwala amalize onse ngakhale thupi litapepuka tsiku lachiwiri. Tikalemba za mankhwala opopera tomato ndi repu, tisaiwale masiku odikira asanathyole, chifukwa cha ana amene adzadye ndiwozo osadziwa kuti zinapoperedwa liti. Tifotokozenso tanthauzo la mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa botolo, kuti wofiira ndiwo woopsa kwambiri. Munthu akadziwa chifukwa, amasunga lamulo ngakhale palibe womuyang'anira; choncho mutithandize kupeza malo a chifukwacho ngakhale pepala litachepa. Ndipo tisasiye wowerenga pamene zinthu zalakwika: timuuze chochita, ndi nthawi yoti aleke kuyesa yekha n'kuthamangira kuchipatala kapena kuitana mmisiri.

Mwatilenga ndi mitu yoiwala, ndipo tikuvomereza kufooka kumeneku. Pa 30 Okutobala 1935 ndege yatsopano ya Boeing, Model 299, inagwa ku Wright Field m'dziko la America, m'manja mwa oyendetsa odziwa ntchito, chifukwa anaiwala kumasula chokhomera ziwongolero. Anthu awiri anamwalira, ndipo m'chisoni chimenecho munabadwa mndandanda waufupi umene oyendetsa ndege amawerenga asananyamuke. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 wa m'chipinda cha opaleshoni, woti madokotala ndi anamwino aziima katatu: asanagoneke wodwala, asanacheke, ndi asanamutulutse. Mutiphunzitse kulemba mindandanda yotere, yaifupi, yokwana patsamba limodzi, yokhala ndi zokhazo zimene zikaiwalika zimapweteka, kuti wotopa ndi wothamangitsidwa ndi nthawi apeze pogwira.

Mudalitse manja a ojambula amene timagwira nawo ntchito. Chithunzi chizionetsa chimene mawu akunena, chili pambali pa mawuwo, ndipo chizimveka ngakhale chitasindikizidwa chakuda ndi choyera pamakina a fotokope otopa. Zilembo zizikhala zazikulu moti wachikulire wopanda magalasi aziwerenge.

Tikupempherera abale ndi alongo athu omasulira, amene amalandira chikalata cha Chingerezi madzulo n'kuuzidwa kuti m'mawa chikhale m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena. Inu amene m'masiku a Ezara munaimika Alevi pakati pa anthu kuti awatanthauzire zowerengedwazo mpaka amve, apatseni omasulira athu ufulu womasulira ganizo m'malo motsata liwu ndi liwu. Achititseni kuwerenga mokweza zimene alemba, kuti khutu ligwire zimene diso laphonya. Pamene liwu lobwereka ndilo anthu amaligwiritsa ntchito pamsika ndi kuchipatala, apatseni mtendere wolisiya choncho. Pamene la kwathu lilipo ndipo likumveka, apatseni kunyadira kolilemba. Ndipo ife olemba oyamba mutikumbutse kuti chiganizo chosokonekera chikamasuliridwa chimasokonekera m'zinenero zonse, kuti tiziwapatsa omasulira ntchito yoyera.

Ntchito yathu siitha tsiku losindikiza, Ambuye, ndipo apa ndi pamene timafooka kwambiri. Makina amasintha, mitengo imasintha, mabatani a pafoni amasuntha, malangizo a chipatala amakonzedwanso, koma pepala lathu lakale limatsalabe lomatidwa pakhoma, anthu akulikhulupirira. Mutipatse kukhulupirika kolemba tsiku ndi nambala ya kope pachikalata chilichonse, kosunga mbiri ya zimene tasintha ndi chifukwa chake, ndi kotsatira makope akale kuti achotsedwe. Chinthu chimodzi tizichilemba pamalo amodzi, ena n'kumangolozera pamenepo, kuti tisakonze apa n'kuiwala apo. Mutikumbutse kusunga ntchito yathu m'malo awiri magetsi asanazime. Ndipo ikatayika, kapena akulu akaibweza yonse kuti iyambidwenso, mutipatse mtima wa Baruki, mlembi wa Yeremiya, amene mfumu Yehoyakimu itadula mpukutu wake n'kuuponya pamoto, analandira mpukutu wina n'kulembanso. Pa mapulogalamu a pakompyuta amene masiku ano amatha kutilembera ndime yonse m'kuphethira kwa diso, mutipatse kusamala, kuti tisapereke kwa anthu chiganizo kapena nambala imene ife eni sitinaitsimikize.

Mutipatse chikondi pa akonzi athu. Pepala likabwerera lofiira ndi inki, mutichotsere mkwiyo ndi kudzitchinjiriza, mutipatse kuthokoza kuti cholakwacho chagwidwa chisanafike kwa anthu. Nafenso tikamaona ntchito ya mnzathu, tidzudzule chiganizo popanda kunyoza mwini wake. Mugwire mitima ya mabwana athu, kuti asaone malangizo ngati chinthu chomalizira chongomata pabokosi katundu atapakidwa kale. Atiitane ntchito ikamayamba, atipatse nthawi yoyesa zimene talemba, atilipire mwachilungamo ndi pa nthawi yake. Ndipo tsiku limene adzatiuze kuti tifewetse chenjezo kuopa kuthamangitsa ogula, kapena tibise chofooka cha katundu, kapena tilonjeze chimene chipangizo sichingachite, mutilimbitse mawondo, Ambuye. Mutipatse mawu aulemu okanira, ndipo musamale mabanja athu ngati kukanako kudzatitayitse ntchito.

Kumbukirani achinyamata amene akuyamba kumene ntchito imeneyi popanda wowaphunzitsa. Atumizireni achikulire oleza mtima owagwira dzanja, ndipo ife amene tinayamba kale mutichotsere kaduka kobisa luso. Kumbukirani amene maso awo afooka ndi kuyang'ana kompyuta, amene misana ndi zala zikuwawawa, amene agwira ntchito zaka zambiri osamvapo zikomo. Atsitsimutseni, achiritseni, apatseni tulo tabwino. Kumbukirani amene usiku uno ali maso chifukwa chikalata chikufunika m'mawa. Awongolereni maganizo, atetezeni ku zolakwa za kutopa, ndipo apatseni kulimba mtima kopempha tsiku lina ngati ntchitoyo sinayesedwe. Timvereni, Atate wachifundo, pakuti tapempha zonsezi m'dzina la Mwana wanu Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Ameni.